Kupaka utoto magetsi a kumwamba: mafunso ndi mayankho pa mitambo ya barium

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Norway, Sweden ndi Alaska, akatswiri amaponya maroketi okasiya mitambo yowala ya chitsulo chotchedwa barium pamtunda wa makilomita 200 kapena 300. Zithunzi zake zimafika ndithu m'mafoni athu ku Ulongué, Furancungo ndi Moatize, ndipo ambiri amaziyesa zopanga pa kompyuta. Mitamboyo ndi yeniyeni, ndipo ntchito yake ndi kuyeza magetsi a kumwamba. Mayankho awa talembera aphunzitsi a Física, ophunzira a sekondale ndi amisiri a magetsi amene akufuna kudziwa kayendedwe kake ndi manambala ake.

Kodi kumwambako kuli magetsi otani oti munthu n'kuyeza?

Kuyambira makilomita 80 kapena 90 kupita m'mwamba, kuwala kwa dzuwa kumasolola ma elekitironi m'maatomu ena a mpweya. Atomu yotaya elekitironi imatchedwa ayoni, ndipo dera lonse lokhala ndi ma ayoni amenewa ndi ionosphere. Chimene chikuyezedwa ndi mphamvu yokankha tinthu ta chaji timeneti, ija m'kalasi mumaitcha campo eléctrico, chilembo chake E.

Gwero lake ndi dzuwa. Limatulutsa mphepo ya tinthu ta chaji yothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Mphepoyi ikamadutsa pa maginito a dziko lapansi pamapangika jenereta, monga momwe zimachitikira m'makina a ku Cahora Bassa: chinthu chodutsa magetsi chikuyenda modula mizere ya maginito. Kungoti ku Songo wozungulitsa ndi madzi a Zambezi, pamene kumwambako ndi mphepo ya dzuwa. Mizere ya maginitoyo imadutsa magetsi ngati waya wabwino, ndipo poti imalowa pansi kumpoto ndi kummwera kwenikweni, imatsitsira voteji yonse kumeneko. Kuchoka mbali ya m'bandakucha kukafika mbali ya madzulo, voteji imakhala ma volt 20,000 kapena 30,000 kukakhala bata, n'kupitirira 100,000 dzuwa likavuta.

Musaope nambalayo. Mawaya ochoka ku Songo kupita ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg, anapangidwira ma volt 533,000. Ndiponso voteji ya kumwambayi yamwazika pa dera lotambalala makilomita pafupifupi 3,000. Tengani nambala ya pakati, ma volt 60,000, muigawe ndi mamita 3,000,000, mupeza 0.02 pa mita, kapena kuti ma millivolt 20 pa mita (20 mV/m). Kuti musonkhanitse mphamvu ya batire limodzi la tochi, la 1.5 V, mufunika kutambasula mamita 75. Vuto la muyezo wonse lagona pamenepa: chinthucho ndi chofooka pa mita iliyonse, koma chimayendetsa mpweya wa dera lalikulu ngati kontinenti.

Bwanji osangokweza chipangizo choyezera pa roketi?

Amatero ndithu. Amatambasula ndodo ziwiri zazitali zokhala ndi timipira tachitsulo kunsonga, n'kuwerenga kusiyana kwa voteji pakati pake. Koma chombocho chikuyenda, ndipo chitsulo chilichonse choyenda modula maginito chimadzipangira voteji yake. Setilaiti yothamanga makilomita 7.5 pa sekondi kumpotoko imadzipangira pafupifupi 375 mV/m, pamene mukufunafuna 20. Mukalakwitsa ndi digiri imodzi yokha podziwa kumene chombo chayang'ana, mwasokoneza kale ndi 6 mV/m. Onjezani kuti dzuwa limasolola ma elekitironi pa kampira kamene kali poyera kusiyana ndi kamene kali pamthunzi.

Palinso china. Roketi imadutsa malowo m'mphindi zochepa. Nambala ikasintha, simudziwa ngati yasintha chifukwa mwafika pena kapena chifukwa nthawi yapita. Wopalasa bwato pa Zambezi akafuna kudziwa kumene madzi akukokera saviika dzanja ali m'bwato loyenda. Amaponya chitsononkho n'kuchiyang'ana. Mtambo wa barium ndi chitsononkho chimenecho, ndipo umatha kuoneka mphindi makumi angapo.

Mtambo ungaonetse bwanji magetsi?

Apa ndiye pamtima pa nkhani, tiyeni tipite pang'onopang'ono.

Ayoni ikakhala m'maginito siyenda molunjika modula mizere. Imazungulira mzere umodzi, ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Kumpotoko, pamtunda wa makilomita 250, mphamvu ya maginito, chilembo chake B, ndi pafupifupi 50,000 nT (ma nanotesla), kapena kuti 0.00005 T. Ayoni ya barium imazungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sekondi, ndipo chingwe chake ndi cha mamita khumi kapena kupitirirako pang'ono.

Tsopano bweretsani E, yokankha mopingasa. Theka limodzi la mkombero ayoni ikupita kumene E ikukankhira, imawonjezera liwiro, ndipo imakhota motakasuka. Theka linalo ikulimbana ndi E, imachepetsa liwiro, n'kukhota mothina. Mkombero wotakasuka mbali ina n'kuthina mbali ina sutsekeka. Ukatha ulendo umodzi, ayoni imapezeka yasuntha pang'ono chammbali. Chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri n'chakuti sisunthira kumene E ikukankhira, koma mopingasa kwa E ndi B yemwe. Kumpoto kwa dziko, kumene mizere ya maginito imaloza pansi, E yoloza kumpoto imayendetsa ma ayoni kumadzulo, ndipo E yoloza kummwera imawayendetsa kummawa.

Liwiro la kusunthaku ndi E kugawa ndi B, basi. Kulemera kwa ayoni kulibemo m'masamuwa, ngakhale chaji yake. Elekitironi imazungulira mobwerera, komabe imasunthira komweko ndi liwiro lomwelo. N'chifukwa chake barium, yolemera 137, imaonetsa mokhulupirika zimene ikuchita oxygen ya komweko, yolemera 16 yokha. Mukayeza liwiro n'kuchulukitsa ndi B, mwapeza E. Lamulo losavuta kukumbukira kumpotoko: mamita 20 pa sekondi ndi 1 mV/m, kilomita imodzi pa sekondi ndi 50 mV/m.

N'chifukwa chiyani anasankha barium pakati pa zitsulo zonse?

Pamafunika chitsulo chochita zinthu ziwiri. Choyamba, kuwala kwa dzuwa kuchisandutse ayoni msanga. Chachiwiri, ayoniyo iziwala mtundu umene maso ndi kamera zingaone kuchokera pansi. Sodium imawala bwino mwachikasu, koma ikangotaya elekitironi imazimiririka m'maso. Ma ayoni ambiri amawala kuwala kwa ultraviolet kumene mpweya wathu umatsekereza.

Barium imakwanitsa zonse. Dzuwa limaisandutsa ayoni m'masekondi osakwana 30 pa avareji, chifukwa atomu yake imakwera masitepe awiri: kuwala koyamba kumaikweza pamalo pamene imakhalitsa, kwachiwiri kumamaliza kusolola elekitironi. Ndipo mphatso yaikulu ndi mitundu. Barium yosasanduka imawala mobiriwira, pa 553.5 nm (ma nanometre, muyezo wa mtundu wa kuwala). Yosanduka ayoni imawala ngati maluwa a jakaranda, pa 455.4 nm. Motero chitini chimodzi cha barium chonyamulidwa pa roketi chimabala mitambo iwiri. Wobiriwira ulibe chaji, umatengedwa ndi mphepo ngati utsi wa pamunda. Wa jakaranda wamangidwa ku maginito, umamvera E. Muyezo wonse ndi kuyang'ana awiriwa akusiyana njira.

M'chitinimo mumakhala chiyani, ndipo chimachitika n'chiyani chikatseguka?

Barium ndi chitsulo chofewa chimene chimachita dzimbiri chikangokhudza mpweya, ndipo sichigwirizana ndi madzi. Amachisunga m'mafuta kapena mu mpweya wa argon, ndipo kudzaza zitini kumachitikira pouma. Kuti chisanduke nthunzi pamafunika kutentha kopitirira madigiri 1,800, choncho amachisakaniza ndi ufa wa copper oxide, barium n'kuichulutsa dala. Waya wamagetsi ukayatsa msanganizowo, gawo lina la barium limalanda oxygen ku mkuwa n'kutulutsa moto woopsa, motowo n'kuphwetsa barium yotsalayo. Zonse zimatha m'sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kutulukira pa kabowo ka chitini.

Si barium yonse imene imasanduka nthunzi. Pa msanganizo wakalewu gawo lalikulu limatuluka ngati timadontho ndi phulusa zopanda ntchito. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito titanium ndi boron ngati nkhuni zake, kuti barium isamadziwotche yokha, ndipo nthunzi inachuluka. Amathiramonso chitsulo china, strontium, pang'ono. Iyi dzuwa limachedwa kuisandutsa, ndiye imakhalabe yowala mwabuluu pa 460.7 nm, n'kumasonyeza mphepo barium yobiriwira itatha kale.

Woyang'ana pansi amaona izi. Kadontho kowala kamatulukira mwadzidzidzi pakati pa nyenyezi, n'kufufuma kukhala mpira wobiriwira. Pakatha theka la mphindi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a barium asanduka, ndipo m'kati mwa mpirawo mwayamba kuoneka mtundu wa jakaranda. Pofika mphindi imodzi ndi theka wobiriwira watsala wochepa. Wa jakarandawo sukhala wozungulira: ma ayoni ndi omasuka kutsetsereka motsata mzere wa maginito koma omangika mopingasa, ndiye mtambo umatalika ngati chinangwa, n'kuloza ndendende kumene mizere ya maginito yaloza. Kenako umayamba ulendo wake chammbali.

Roketi imodzi imanyamula zitini zingapo, zotseguka motsatizana pokwera ndi potsika, kuti mitambo ifole pa mtunda wa makilomita mazana angapo.

Bwanji amachita izi pa chisisira kapena m'bandakucha mokha?

Chifukwa mtambo ufunika dzuwa, pamene kamera ifunika mdima. Mwaonapo nsonga ya phiri la Dómuè ikuwalabe pamene m'midzi ya m'munsi nkhuku zalowa kale. Mtambo wa barium ndi nsonga yotalika kwambiri. Dzuwa likamira madigiri 10, mthunzi wa dziko pamwamba pa mutu wanu umafika makilomita pafupifupi 100. Pa madigiri 12 ndi makilomita 140, pa madigiri 15 ndi 225, pa madigiri 18 ndi 330. Pamenepo wonjezerani makilomita ena makumi atatu kapena kuposa, chifukwa kuwala kwa ultraviolet kodutsa chapansi kumamezedwa ndi ozone. Ena amaiwala zimenezi, n'kupeza mtambo ukuoneka bwino wobiriwira koma ukuchedwa kusanduka.

Ndiye mpata uli pakati: thambo lide mokwanira kuti nyenyezi zioneke, koma pa makilomita 250 dzuwa likhalepo. Kuno kwathu dzuwa limamira mothamanga, madigiri pafupifupi 14 pa ola, ndipo mpata umenewu ungathe m'mphindi 20. Ku Andøya, ku Norway, pa madigiri 69 kumpoto, dzuwa la m'nyengo yozizira limatsetsereka chopendekera, mpata n'kutalika. Ku zilumba za Svalbard, pa madigiri 78, mwezi wa Disembala dzuwa silituluka n'komwe. Masana enieni limakhala litamira madigiri pafupifupi 12. Kumeneko ndiko munthu angaone mtambo wa barium kumbali ya usana ya dziko. Mwezi nawo uyenera kukhala utalowa kapena uli waung'ono.

Nanga kutalika kwa makilomita 200 mpaka 300 anakusankha bwanji?

Pansi pa makilomita 150 mpweya ndi wochuluka. Barium imapsa ndi oxygen isanasanduke ayoni, ndipo imene yasanduka imagundidwagundidwa ndi mpweya isanamalize mkombero wake. Cha pa makilomita 120 kugundana kumachuluka mofanana ndi kuzungulira, ndipo ayoni imayenda njira ya pakati, theka kumvera E, theka kumvera mphepo. Kupitirira makilomita 200 kugundana kumachepa kwambiri, masamu a E kugawa ndi B n'kugwira bwino. Ndipo poti mizere ya maginito ndi mawaya abwino, E imene mwayeza pa 250 ndi yomweyo imene ikugwira ntchito pa 110, pamene pamayenda mitsinje ya magetsi ya aurora, kuwala kwachilengedwe kumene kumaoneka usiku m'thambo la kumpoto ndi kummwera kwenikweni.

Liwiro la mtambo amaliyeza bwanji ali pansi?

Kamera imodzi imangokuuzani mbali imene mtambo uli, osati kutalika kwake. Pamafunika malo awiri, makamaka atatu kapena anayi, otalikirana makilomita 100 kapena kuposa. Tiyerekeze ndi kwathu kuno. Kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Ulongué mowongoka ndi makilomita pafupifupi 180. Mtambo utakhala makilomita 250 pamwamba pa malo a pakati, wa ku Tete angauone chakumpoto, wa ku Ulongué chakummwera, aliyense atakweza maso madigiri pafupifupi 70. Kumbuyo kwa mtambowo aliyense akuona nyenyezi zosiyana. Poti malo a nyenyezi iliyonse pa sekondi iliyonse ndi odziwika, nyenyezizo ndizo rula. Mumajambula mzere kuchoka pa kamera iliyonse kupita ku mtambo, ndipo pamene mizereyo yakumana ndi pomwe mtambo uli.

Pamalo aliwonse pamakhala makamera angapo: ina yokhala ndi galasi losefa kuwala kwa 455.4 nm kuti ione ma ayoni okha, ina ya strontium, ina yopanda sefa yoonetsa nyenyezi zambiri. Nthawi ya chithunzi chilichonse masiku ano imachokera ku GPS. Si nkhani yaing'ono, chifukwa mtambo wothamanga kilomita imodzi pa sekondi, uli makilomita 250 kuchoka pa inu, umadutsa kukula kwa mwezi wathunthu m'masekondi awiri okha. Wotchi ikatsalira sekondi imodzi pa malo amodzi, mizere sikumana pamalo oyenera.

Nachi chitsanzo choti aphunzitsi mukalembe pa bolodi. Zithunzi ziwiri zasiyana mphindi ziwiri, ndipo mtambo wasuntha makilomita 72 kumadzulo. Mamita 72,000 kugawa ndi masekondi 120 ndi mamita 600 pa sekondi. B ndi 0.00005 T. Kuchulukitsa, mupeza 0.03 V/m, ndiye kuti 30 mV/m, yoloza kumpoto. Ngati mwaphonya malo a mtambo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri uli makilomita 400 kutali, mwaphonya ndi mamita 700, zimene pa mphindi ziwiri sizifika ngakhale 1 mV/m. Pamenepa ndi pamene njirayi imaposa ndodo za pa chombo.

Zimalakwika pati?

Choyamba ndi mitambo wamba ya mvula ndi chipale. Roketi imatha kukhala pa choponyera milungu iwiri kudikira tsiku limene aurora ili pamalo oyenera, mphepo ya pansi ili yabata, ndipo malo awiri a makamera ali poyera nthawi imodzi. N'chifukwa chake makamera ena amawakweza m'ndege.

Chachiwiri n'chobisika, ndipo n'chimene chimasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongojambula zithunzi. Mtambowo umadutsa magetsi. Ukakhala wothithikana kwambiri kuposa ionosphere yozungulira, chaji imaunjikana m'mbali mwake n'kufooketsa E m'kati mwake, monga waya wogwetsedwa pa mapolo awiri a batire. Zikatero mtambo umatsalira, n'kuyamba kukokedwa ndi mphepo, ndipo nambala imene mupeze ndi yochepa kuposa yeniyeni. Vutoli limakula kumene ionosphere ya m'munsi ili mumdima ndipo ilibe aurora, chifukwa kumeneko sidutsa magetsi bwino. Mankhwala ake ndi kuchepetsa barium, ngakhale mtambo waukulu ndiwo umakongola pa chithunzi, ndi kuwerengera kusiyana kwa kadutsidwe ka magetsi pakati pa mtambo ndi malo ozungulira. Apa liwiro la mtambo wa strontium limalowa m'masamu.

Chachitatu, mtambo umang'ambika. Pakapita mphindi zingapo, mbali yoyang'ana kumene mtambo wopanda chaji watsalira imathina n'kugawika mizeremizere yoimirira, ngati udzu wofolera utapesedwa. Mzere uliwonse umatha kuyenda ndi liwiro lakelake, ndipo woyeza ayenera kusankha umodzi n'kuutsata pa zithunzi zonse za malo onse. Kusokoneza mzere wina ndi unzake pakati pa makamera awiri ndiko kulakwitsa kofala.

Palinso kutsika. Ma ayoni a barium ndi olemera, ndipo amatsetsereka pansi motsata mzere wa maginito. Poti mzerewo ndi wopendekera pang'ono, kutsikako kumaoneka ngati kusuntha chammbali. Muyenera kuchotsa gawo limeneli n'kusiya la mopingasa lokha. Masekondi oyamba nawonso musawakhulupirire, chifukwa nthunzi imakhala idakali ndi liwiro la roketi.

Chomaliza ndi kunena poyera kuti mwaima pati. Makamera akuzungulira limodzi ndi dziko. Pa madigiri 69 dziko limayenda mamita pafupifupi 165 pa sekondi kupita kummawa, zimene ndi 8 mV/m. Poyerekeza nambala yanu ndi ya setilaiti, wina akaiwala zimenezi mukangana pachabe.

Mitambo yoyera yopindikapindika imene imaonekanso pa zithunzi ndi barium yomweyo?

Ayi. Imeneyo ndi trimethylaluminium, mwachidule TMA, madzi amene amayaka okha akakhudza mpweya. Roketi imawathira ngati mchira pakati pa makilomita 90 ndi 160 kapena kupitirirako, ndipo amawala okha pokumana ndi oxygen, ngakhale pakati pa usiku. Sasanduka ayoni, choncho amayeza mphepo basi. Lithium, yofiira pa 670.8 nm, nayonso ndi ya mphepo.

Komabe mphepo ndi E ndi nkhani imodzi. Ma ayoni akamathamanga kudutsa mpweya wosayenda nawo limodzi, kukhulana kwake kumatenthetsa mlengalenga, ndipo kutenthako kumatsata kusiyana kwa liwiro lawo kochulukitsidwa ndi iko komwe. Kusiyana kukawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Wongoyeza E yekha, osadziwa mphepo, sangawerengere kutenthaku molondola.

Anayambitsa ndani, ndipo anapeza chiyani?

Mu 1951 Ludwig Biermann wa ku Germany ananena kuti michira ya nyenyezi za mchira imakankhidwa ndi tinthu tochokera ku dzuwa. Gulu la Reimar Lüst ku Max Planck Institute, ku Garching pafupi ndi Munich, linafuna kupanga nyenyezi ya mchira yawoyawo kuti liyese ganizoli, ndipo pofufuza chitsulo choyenera linafika pa barium. Mu 1964 anaiyesa pa maroketi a ku France ku Hammaguir, m'chipululu cha Sahara ku Algeria. Gerhard Haerendel ndi anzake ndiwo anakonza masamu osandutsa kuyenda kwa mtambo kukhala E. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ntchito inasamukira kumpoto: ku Kiruna ku Sweden, ku Fort Churchill ku Canada, ndi ku Andøya, kumene Eugene Wescott, John Stolarik ndi James Heppner a ku NASA anafoletsa mitambo pafupi ndi aurora.

Zimene anapeza zinatsimikizira ganizo limene linalipo kale. Mu 1961 James Dungey, komanso Ian Axford ndi Colin Hines, anali atanena kuti ma ayoni a kumpotoko amazungulira m'madziwe awiri aakulu. Mitambo inaonetsa zomwezo ndi maso: pakati penipeni imayenda mothawa dzuwa, kuchoka mbali ya usana kupita ya usiku, n'kubwerera cha m'mphepete, m'dera la aurora, kulowera kumadzulo nthawi ya madzulo ndi kummawa nthawi ya m'bandakucha. Pakatipo E imakhala 20 mpaka 40 mV/m, pamene m'dera la aurora imasinthasintha kuchoka pa 10 mpaka kupitirira 100. Anaonanso kuti singano ya maginito pansi imagwedezeka makamaka ndi magetsi oyenda mobwerera kumene mitambo ikupita. Chifukwa chake n'chakuti cha pa makilomita 110 ma elekitironi amasuntha momasuka pamene ma ayoni agwidwa ndi mpweya.

Nyenyezi ya mchira ija anaipanga pomaliza pa 27 Disembala 1984, setilaiti ya ntchito ya AMPTE itatulutsa barium mu mphepo ya dzuwa, makilomita oposa 100,000 kuchoka pa dziko.

Kodi mtambo ungayeze E yoloza motsata mzere wa maginito?

Mtambo wamba sungathe. Umaona ya mopingasa yokha. M'zaka za m'ma 1970 anapeza njira ina. Anaumba barium ngati fanulo, n'kuizinga ndi zophulika, kuti kuphulikako kuilavule ngati muvi wothamanga makilomita oposa 10 pa sekondi, atalozetsa m'mwamba motsata mzere. Muviwo umapaka utoto mzere wa maginito mpaka makilomita zikwi zingapo. Pamene nsonga yake inawonjezera liwiro mwadzidzidzi pamwamba pa aurora, panali umboni wakuti kumeneko kuli voteji yotsata mzere, yomweyo imene imaponya ma elekitironi pansi kudzayatsa aurora.

Si poizoni ameneyu? Sangasokoneze mvula?

Mchere wina wa barium ndi poizoni ukamwedwa, n'zoona, ngakhale barium sulfate amamwetsa odwala kuchipatala pojambula m'mimba. Koma chitini chimanyamula makilogalamu ochepa, nthawi zina osakwana imodzi, ndipo amamwazika pa dera la makilomita mazanamazana. Mtundu wobiriwira wa makombola a chaka chatsopano ndi barium yomweyi, yopsera pamwamba pa mitu yathu. Fumbi la miyala ya m'mlengalenga limene limagwera dziko tsiku lililonse limayezedwa m'matani. Za mvula musade nkhawa: mitambo ya mvula sipitirira makilomita 20, pamene iyi ili kutali kakhumi kuposa pamenepo. Ngozi yeniyeni ili kwa odzaza zitini pansi.

Ife a ku Tete zikutikhudza bwanji?

Magetsi a kumpoto ndi kummwera kwenikweni sakhala kwawo kokha. Dzuwa likavuta, mitsinje ya magetsi ya kumwamba imasintha mofulumira, ndipo kusinthako kumabala voteji ina m'nthaka, imene imalowa m'mawaya ataliatali kudzera pa waya wa pansi wa thiransifoma. Pa 13 Malichi 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala mumdima maola pafupifupi 9. Anthu ankati izi n'za mayiko ozizira, mpaka mkuntho wa dzuwa wa kumapeto kwa Okutobala 2003 utawononga mathiransifoma aakulu ku South Africa. Chigawo chathu, chimene chimatumiza magetsi pa mawaya a makilomita pafupifupi 1,400, chiyenera kuidziwa nkhaniyi.

Kutentha kuja kumafufumitsa mlengalenga. Mu Febuluwale 2022, masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink ongoponyedwa kumene anakokedwa n'kugwa pa mkuntho wosakula n'komwe. Kusokonezeka kwa ionosphere kumasocheretsanso GPS ya oyeza malo, monga a m'migodi ya ku Moatize, ndi mawailesi a patali. Oyang'anira zimenezi m'chigawo chino cha Africa ali ku Hermanus, ku South Africa, pansi pa SANSA, bungwe la dzikolo loona za mlengalenga, ndipo South Africa ili ndi radar yoyeza kuyenda komweku kwa ma ayoni ku SANAE IV, ku Antarctica.

Poti kuli ma radar ndi masetilaiti, njirayi idakagwirabe ntchito?

Pa kulondera kwa tsiku ndi tsiku, ma radar a EISCAT ndi SuperDARN ndiwo akugwira ntchito, chifukwa sadikira chisisira kapena thambo loyera. Koma radar imaona gawo la liwiro lobwera kwa iyo kapena lothawa, ndipo siona bwino mphepo yopanda chaji. Pofuna ma ayoni ndi mphepo pamalo amodzi nthawi imodzi, mtambo ulibe wolowa m'malo mwake. Pa 5 Epulo 2019 maroketi awiri a AZURE anachoka ku Andøya n'kumwaza TMA, barium ndi strontium pakati pa makilomita pafupifupi 115 ndi 250. Mu Disembala 2021 roketi ya C-REX-2 inachokanso komweko kukafufuza chifukwa chimene mpweya umathithikanira modabwitsa cha pa makilomita 400, pamalo pamene mphepo ya dzuwa imalowera mwachindunji.

Tingauone mtambo wotere tili kuno?

Wa ku Norway ayi. Dziko ndi lozungulira, ndipo chinthu chili makilomita 250 m'mwamba chimabisika mukatalikira makilomita pafupifupi 1,800. Woponyedwa kuno ukanaoneka chigawo chonse mpaka ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma ukanayenda mwaulesi. Maginito athu ndi ofooka, pafupifupi 30,000 nT, ndipo E ya masiku abata ndi 1 kapena 2 mV/m yokha, ndiye liwiro lake ndi mamita 30 mpaka 70 pa sekondi, locheperapo kuposa mphepo ya pamtunda umenewo. Mtambo wa jakaranda ukanatalika chopendekera, nsonga yake ya m'mwamba italoza kumpoto, chifukwa kuno mizere ya maginito imatuluka m'nthaka n'kuweramira ku equator.